Kapu Yovundikira ya a Lachitatu

Mukafika ku Limbe n'kufunsa za a Peterson Namakhwa, anthu akuyang'anani ngati mwasochera. Koma mukangoti mukufuna a Lachitatu, ngakhale oitanira minibasi akulozerani ndi mlomo: khonde la sitolo ya nsalu kumunsi kwa depoti, pamene pamakhala matelala awiri achikulire moyandikana. Wachisoti choyerayo ndi Che Sidiki. Winayo, wamtali, wa magalasi omangidwa ndi ulusi, ndiye a Lachitatu. Ndi alamu anga. Anakwatira achemwali anga a Alefa, choncho ufulu wowanena ndili nawo wonse.

Ndiyambe ndi kuwayamikira, chifukwa kutsogoloku ndiwasenda ndithu. Alamu anga ndi Mkhristu weniweni, ndipo pa zimenezi sindilola munthu kunditsutsa. Matelala timawadziwa. Mumawapatsa nsalu yokwanira, diresi n'kutuluka yothina, kenako mukumana ndi mwana wawo atavala siketi ya maluwa anu omwe. A Peterson amabweza chilichonse chotsala, ngakhale kachidutswa kosakwana kupukutira thukuta, atakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba la chovalacho. Akati mubwere Lachisanu, Lachisanulo mupeza chovala chitasitidwa kale. Lamulungu makina awo sagunda, ngakhale nyengo imene maukwati amachita kupanikizana ndipo matelala anzawo amasoka mpaka msana kuuma. Amadzuka kukadali chisisira kupemphera, kenako n'kuyenda wapansi kuchoka kunyumba yawo ya lendi ku Chigumula kukakwera minibasi kumsewu. Mowa sanaulawepo, ndipo achemwali anga sanalirepo chifukwa cha mkazi wina.

Za kusala kudya zinayamba mwana wawo Marvin akubadwa. Achemwali anataya magazi ambiri, anamwino n'kumangodutsa mofulumira osayankha aliyense. Linali Lachitatu. Alamu anapita kuseri kwa chipatala, pafupi ndi mpope pamene amayi amachapira, anagwada pamatope pomwepo n'kulonjeza Mulungu kuti akawasiyira mkazi wawo, Lachitatu lililonse la moyo wawo sadzadya kapena kumwa kanthu mpaka dzuwa litalowa. A Alefa anachira. Marvin lero ndi bambo wa ana ake ku Lilongwe. Kwa zaka zambiri lonjezo lija alamu sanaliphwanyepo, kaya kuli ukwati, kaya maliro, kaya Khirisimasi yagwera Lachitatu. Zaka zoyambirira palibe ankadziwa kupatula mkazi wawo. Ine ndinkangoganiza kuti ali ndi vuto la m'mimba.

Pakhonde paja, dzuwa likakwera, pamabwera mayi wina dzina lake Afisa, wogulitsa tiyi ndi mbatata yophika. Telala aliyense ali ndi kapu yake. Ya alamu ndi yachitsulo, yobiriwira, yosupuka m'mphepete. Poyamba Lachitatu ankangoisiya m'kabati ya makina, ndiye Afisa ankaiwala n'kumawafunsabe, iwo n'kumakana. Tsiku lina anaitulutsa n'kuivundikira pamwamba pa makina, akuti kuti mayiyo asamavutike kufunsa. Ndi mmene anafotokozera, ndipo ndikhulupirira kuti tsiku loyambalo zinali zoona.

Koma kapu yovundikira imaitana anthu kuposa belu la tchalitchi. Kasitomala akafunsa chifukwa chake, alamu ankaweramitsa mutu n'kunena motsitsa kuti zimenezo ndi za iwo ndi Mulungu wawo. Nanga pali njira ina yofalitsira nkhani ku Limbe yoposa kuuza anthu kuti ndi chinsinsi? Posakhalitsa msika wonse unadziwa. Oitanira minibasi ndi amene anawapatsa dzina la a Lachitatu, ndipo linawakanirira mpaka ena kumaganiza kuti ndi la makolo. Amayi anayamba kubwera ndi ana odwala, ena ndi makalata ofunsira ntchito, kuti awapempherere. Ankabwera Lachitatu lokhalokha, ati pemphero la munthu amene m'mimba mwake mulibe kanthu silichedwa panjira. Kutchalitchi, mkulu wa mpingo akamalalikira za kudziletsa, ankawatchula dzina. Alamu ankapukusa mutu n'kumati iwo ndi yani, iwo ndi fumbi chabe.

Ine ndine mlamu wawo, kumwetulira kwawo ndimakudziwa. Ndinaonanso kuti kapu ija, imene kale inkakhala kuseri kwa ulusi, inayamba kusendera pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, mpaka inakakhazikika pakona ya makina yoyang'ana kumsewu. Chinanso, masiku onse alamu ankadzola mafuta pamilomo monga aliyense, koma Lachitatu ayi. Pofika masana milomo inkachita kuyera mbuu, ngati anyambita phulusa. Tsiku lina ndinawafunsa ngati mafuta a pamilomo nawonso ali m'gulu la zakudya. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundiuza kuti ndikadzakula mu uzimu ndidzamvetsa. Pamenepo n'kuti ine ndili kale ndi zidzukulu.

Musandimve molakwa. Kusalako kunali kwenikweni. Munthu uyu sankabisa mandasi m'kabati n'kumadya mozemba, ndipo popempherera anthu ankapemphera ndi mtima wonse, osalandira ngakhale nthochi. N'chifukwa chake matenda ake enieni anali ovuta kuwaona. Chidakwa chimadziwa kuti chikumwa, wakuba amadziwa kuti akuba, koma alamu anga ankakhuta ndi maso a anthu n'kumaganiza kuti ali ndi njala.

Ndiye kunabwera matenda ena, ooneka. Anayamba kuonda, ludzu losatha, kulowetsa ulusi m'singano n'kukhala nkhondo. Achemwali anawakokera kuchipatala, kumene anawapeza ndi matenda a shuga. Namwino anawauza mosapsatira mawu kuti mapiritsi amene akuwapatsawo safuna m'mimba mopanda kanthu. Anati munthu akamwa n'kudumpha chakudya, shuga amatsika mpaka kukomoka, ndipo ena sadzukanso. Alamu anavomera zonse mwaulemu. Lachitatu litafika anameza piritsi lawo m'bandakucha, n'kupita ku Limbe kukavundikira kapu. Anauza mkazi wawo kuti dokotala amumvera, popeza piritsi amwa, ndipo Mulungu amumveranso, popeza sadya.

Achemwali anga si munthu wolongolola. Anawachonderera mofatsa, kenako analira, kenako anaitana abusa. Abusa anabwera ku Chigumula, anakhala pampando wa alendo n'kuwauza kuti Mulungu sakondwera ndi mtembo, ndipo munthu wodwala akadya sanachimwe. Alamu anawamvetsera mpaka kumapeto, n'kuwaperekeza mpaka kumsewu. Pobwerera anati abusa a masiku ano anaphunzira kwambiri koma maondo awo ndi ofewa. Marvin ataimba foni anamuuza kuti asaiwale kuti mayi ake ali moyo chifukwa cha Lachitatu lomwelo. Ine nditayesa, anandiuza kuti Satana amakonda kuyankhula kudzera mwa achibale. Ndinapsa mtima, sindinama. Ndinawakumbutsa za uja wosamva za anzake amene anamva nkhwangwa ili m'mutu, iwo n'kungoseka.

Choncho Lachitatu lililonse achemwali ankakhala pakhomo foni ili m'manja. Akamapalira kadimba kawo ka chimanga kuseri kwa nyumba, foni ankaimangirira pansonga ya chitenje. Ikalira, mtima unkayamba wathamanga asanaone amene akuimba. Alamu ankabwera madzulo akunjenjemera, malaya atanyowa, n'kumati Ambuye awadutsitsanso. Lamulungu lina anaimirira m'tchalitchi kuchitira umboni kuti ngakhale shuga walephera kuwadyetsa Lachitatu, anthu n'kuwomba m'manja. Mkazi wawo anakhala pakati pa amayi a Mvano atazolika.

Lachitatu limene zinachitika ine ndinalipo. Kunali kotentha, nyengo ija mvula isanayambe, pamene malata a khonde amachita kuwotcha mutu. Ndinachoka kuntchito kwanga m'tauni nthawi ya nkhomaliro kukatenga bulauzi imene ankandisokera. Ndinawapeza akusoka yunifolomu ya sukulu, thukuta likuchita kudontha pachibwano. Anandiyankha moni mosokonekera, n'kunditchula dzina la mayi anga amene anamwalira kalekale. Phazi linayamba kuphonya chopondera makina. Kenako anapendekera kumbali pang'onopang'ono, ndipo Che Sidiki anawawakha mutu usanagunde simenti.

Anthu anaunjikana nthawi yomweyo, monga mudziwa Limbe. Ena ankati awathire madzi, ena ankati ndi mizimu. Che Sidiki sanamvere aliyense. Ataona kuti mnzawo akutha kumeza, anatambasula dzanja, anatenga kapu yobiriwira ija pakona pake, n'kuitembenuza. Afisa anathiramo tiyi ndi shuga wambiri, n'kutakasa ndi supuni. Anawamwetsa pang'onopang'ono, ine nditawagwira mutu. Patapita kanthawi maso anayamba kubwerera. Alamu anayang'ana denga, anayang'ana ine, kenako anaona kapu yawo ili m'manja mwa Che Sidiki, yonyowa.

Ndinkayembekezera kuti afunsa kuti ali kuti, kapena aitana mkazi wawo, kapenanso athokoza Mulungu. Iwo anakoka mkono wa Che Sidiki n'kunong'ona.

"Achimwene, anthu aona?"

Che Sidiki anangowapukuta pakamwa ndi kachidutswa ka nsalu n'kutuma munthu kukaitana galimoto. Ine ndinamva chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo, moti ndikanakhala kuti sindinawagwire mutu, mwina ndikanawatsina khutu.

Atatuluka m'chipatala ndinawaperekeza ku Chigumula. Tili pabalaza atatu, ndinawauza achemwali mawu aja mmene anatulukira, mwiniwake akumva. Ena adzati ndinalakwa, koma ine ndimati wakutsina khutu ndi mnansi. Alamu anayesa kukana, kenako anati mutu unali usanabwerere. A Alefa anasalaza chitenje pabondo. Atayankhula, sanakweze mawu.

"Bambo a Marvin, tsiku lija kuseri kwa chipatala kunalibe munthu wokuonani, ndipo Mulungu anakumvani. Munasala kuti ine ndikhale ndi moyo. Tsopano mukusala kuti ndikhale wamasiye. Ndiuzeni, amene mukumusalira panopa ndani?"

M'zaka zonse zimene ndawadziwa alamu, aka kanali koyamba kuwaona akusowa vesi.

Komabe munthu sasiya msanga chinthu chimene wachilera zaka zambiri. Lolemba lotsatira anabwerera pakhonde mtima udakali wouma. Zimene zinachitika tsiku limenelo anandiuza ndi Afisa. Alamu anathokoza Che Sidiki, inde, koma kuthokoza kwake kunali ndi minga. Anati mnzawoyo anawaphwanyira lonjezo la zaka zambiri. Anapitiriza kuti sakuwaimba mlandu, chifukwa Asilamu sangamvetse za kusala kwa munthu payekha. Iwo amasala mwezi umodzi pachaka, onse pamodzi, mzikiti wonse ukulimbikitsana. Che Sidiki anangoti n'zoona, n'kupitiriza kudula nsalu.

Afisa, amene ankathira tiyi m'kapu ya alamu, analephera kupirira. Anawauza kuti ayang'ane kapu ya Che Sidiki. Inali pamalo pake pa masiku onse, yoyang'ana kumwamba, youma. Anati chiyambireni iye kugulitsa tiyi pakhondepo, Lolemba ndi Lachinayi bambowa salawa kanthu mpaka dzuwa kulowa, ndipo iye anachita kuzindikira yekha, palibe anamuuza. Che Sidiki anakwiya. Anamuuza Afisa kuti pakamwa pake padzamupweteketsa, ndipo tsiku lonselo sanamuyankhulenso.

Taganizani. Anthu awiriwa akhala moyandikana kuyambira tsitsi lawo lili lakuda. Amabwerekana sizasi, amasungirana makasitomala, analirana maliro a makolo. Koma alamu anga anali asanaonepo kuti mnzawo amasala masiku awiri pa sabata. Pambuyo pake anandiuza okha chifukwa chake. Anati maso awo ankakhala kumsewu, kuwerenga amene aona kapu yawo.

Lachiwiri madzulo anapita okha kwa abusa aja a maondo ofewa. Zimene anakambirana sindikuzidziwa. Achemwali akuti anabwera mochedwa, anadya, n'kupempha kuti apemphere limodzi. Akuti pemphero lake linali lalifupi kuposa onse amene anawamvapo, ndipo mawu akuti fumbi munalibe.

Lachitatu ndinapempha tchuthi kuntchito. Ndinkafuna kudzionera ndekha, ndipo sindinali ndekha. Nkhani ya kukomoka kwawo inali itazungulira depoti yonse, ndipo anthu ankadutsa pakhondepo mochedwetsa mapazi. Ena ankati munthu wa Mulungu aonetsa shuga kuti mwini thupi ndani. Pabenchi ya makasitomala panakhala mayi wina wochokera ku Bangwe, atabereka mwana, kudikira pemphero la Lachitatu. Alamu anafika, anavundukula makina, anatulutsa kapu m'kabati n'kuigwira kanthawi ndi manja awiri. Milomo yawo inali yodzola mafuta.

Afisa atafika ndi ketulo yake anawalambalala monga mwa chizolowezi. Alamu anamuitana. Anaika kapu pakona pomwe paja poyang'ana kumsewu, koma kukamwa kwake kuli kumwamba.

"Mayi, thireni. Wopanda shuga. Mundipatsenso mbatata imodzi."

Afisa anathira. Alamu akanatha kukadyera kuseri kwa sitolo, kapu n'kuisiya yovundikira, ndipo palibe akanadziwa. Akanathanso kuimirira n'kufotokozera anthu za namwino ndi mapiritsi, kuti aliyense amvetse kuti sanagonje mwakufuna. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anatseka maso pang'ono, anasenda mbatata yawo, n'kuyamba kudya Limbe yonse ikuona.

Woitanira wina anakuwa kuti a Lachitatu abwerera m'mbuyo, anzake n'kuseka mpaka kugwirana mapewa. Wina anati ankadziwa kale kuti bambowa amadya mobisa. Mayi wa ku Bangwe uja anaimirira, anakonza mwana kumsana n'kunena kuti anamunamiza, anamuuza kuti kuno kuli munthu wa Mulungu. Alamu anamuuza mofatsa kuti ngati akufuna amupempherera mwanayo, koma amutengerenso kuchipatala. Mayiyo anayang'ana mbatata ili m'manja mwawo, n'kuchoka. Alamu zinawapweteka, ndinaona. Koma anamaliza mbatata yonse, anamwa tiyi mpaka pansi pa kapu. Che Sidiki sanadzutse mutu ngakhale kamodzi, makina awo ankangogunda.

Ine ndinatenga foni n'kuimbira achemwali. Anayankha isanalire kawiri, mawu ali m'mwamba ndi mantha. Ndinawauza kuti amuna awo akudya mbatata. Kumbali inayo ndinamva akulira.

Papita zaka zingapo tsopano. Alamu ananenepako, shuga akumusamala, ndipo achemwali amapalira chimanga chawo foni ili m'nyumba. Anthu obwera kudzapemphereredwa anachepa kwambiri, ndipo ochepa amene amabwerawo amabwera tsiku lililonse limene apeza mpata. Mkulu wa mpingo uja anapeza zitsanzo zina. Dzina lokha ndi limene linakana kuchoka. Oitanira amawatchulabe a Lachitatu, ena mwachipongwe, ndipo iwo amayankha bwinobwino. Ndinganene mosakayika kuti m'zaka zonse zimene anasala kudya, palibe tsiku limene anadzikana kuposa tsiku limene anadya mbatata ija.

Koma pali china chimene ndinaona. Lachitatu alamu amadya ndithu, m'mawa, masana ndi madzulo, komabe tsikulo silifanana ndi masiku ena. Amachoka kunyumba molawirira kuposa kale, ndipo achemwali sadziwa kumene amayamba adutsa asanafike ku Limbe. Lonjezo la kuseri kwa chipatala lija sanalitaye, pali chimene akuchita nalo. Ine ndi chibadwa changa chofuna kudziwa zinthu, ndinayesa kufufuza kwa Afisa, sakudziwa. Che Sidiki anangondiseka. Mapeto ake ndinapita kwa mwiniwake, ndinakhala pabenchi ya makasitomala n'kuwafunsa maso ndi maso kuti masiku ano Lachitatu amasala chiyani.

Anamaliza kaye msoko umene anali nawo, anadula ulusi ndi mano, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi aja.

"Alamu," anatero, "ndikakuuzani, ndiye kuti ndavundikiranso kapu."